Chuma cha Kumwera kwa Nyanja: Kuchokera ku Minyanga Kufika ku Chambo

Boma la Mangochi lili pamalo pamene nyanja ya Malawi imathera ndi kuthira madzi ake mu mtsinje wa Shire. Mtsinjewo ukayenda mtunda wochepa umalowa m'nyanja ina yaing'ono yotchedwa Malombe. Chifukwa cha madzi amenewa, dera limeneli lakhala mphambano ya amalonda kuyambira kale. Katundu wolemeretsa anthu kumeneko wakhala akusintha, koma mbiri yake ikuonetsa chinthu chimodzi: chuma chimene chimadya gwero lake sichikhalitsa.

Ndalama zisanafike, Anyanja okhala m'mbali mwa nyanja ankachita malonda osinthanitsa. Ankaluka makoka ndi luzi, kusema mabwato ndi kutchera miono. Nsomba zowamba ankazisinthanitsa ndi mapira, mchere kapena makasu kwa anthu a kumtunda. Munthu wolemera anali amene nkhokwe zake zinali zodzaza ndiponso amene anali ndi anthu ambiri pakhomo pake.

Zinthu zidasintha cha m'ma 1860 pamene Ayao ochokera kuvuma adakhazikika m'derali. Mafumu awo monga Mponda, Makanjira ndi Jalasi adali akatswiri a malonda a mtunda wautali. Ankatumiza maulendo ku Kilwa ndi ku Quelimane, m'mbali mwa nyanja yamchere, atasenza minyanga ya njovu ndi kutsogoza akapolo. Pobwerera ankatenga nsalu, mikanda, mfuti ndi onga. Mponda adalemera kwambiri popeza mudzi wake udali pa dooko la Shire, pamene apaulendo ankaolokera. Komabe malondawo ankadzidya okha. Mfuti zikachuluka njovu zinkachepa, ndipo alenje ankayenda mitunda italiitali kuti apeze mnyanga. Nkhondo zogwira akapolo nazo zinkasandutsa midzi mabwinja, kotero kuti minda yambiri inkasowa wolima.

M'chaka cha 1875 amishoni a Livingstonia adafika ndi sitima yotchedwa Ilala namanga ku Cape Maclear. Patapita zaka zitatu, mu 1878, amalonda a ku Scotland adayambitsa kampani imene pambuyo pake idatchedwa African Lakes, motsogozedwa ndi abale awiri, John ndi Frederick Moir. Anthu adaitcha kampaniyo Mandala chifukwa cha magalasi amene John ankavala. Mu 1891 dziko lino lidalowa m'manja mwa Angerezi, ndipo Harry Johnston adathira nkhondo Mponda namanga linga lotchedwa Fort Johnston, dzina limene tauni ya Mangochi idadziwika nalo mpaka dziko litalandira ufulu. Mafumu ena sadagonje msanga. Mu December chaka chomwecho anthu a Makanjira adapha Kaputeni Cecil Maguire, ndipo nkhondo zidapitirira mpaka 1895 pamene Makanjira ndi Jalasi adagonjetsedwa. Apa ndi pamene malonda a akapolo adathera m'derali.

Ndalama sizidalowe m'midzi chifukwa choti anthu adazikhumba ayi. Zidalowa ndi msonkho. Kuyambira mu 1894 nyumba iliyonse inkayenera kukhoma mashiling'i atatu pachaka. Munthu amene kale ankakhuta ndi za m'munda mwake tsopano adayenera kupeza chogulitsa kapena kukalowa ntchito. Ena adalembedwa pa sitima zapanyanja, ena adapita ku minda ya Azungu ku Zomba ndi ku Blantyre, ndipo ena adatsetsereka mpaka ku Salisbury ndi ku migodi ya ku Joni. Amwenye adatsegula masitolo, ndipo nsalu, sopo ndi mchere zidayamba kugulidwa ndi makobidi. Kwa kanthawi Fort Johnston lidali dooko lalikulu la sitima, koma madzi a mu Shire ataphwera, ndiponso njanji itafika ku Chipoka ndi ku Salima mu 1935, malonda ambiri a padooko adasamukira kumeneko.

Chimene chidatsalira anthu a kumwera kwa nyanja ndi nsomba, makamaka chambo. M'zaka za m'ma 1930 Agiriki a banja la Yiannakis adayamba usodzi waukulu pafupi ndi Fort Johnston. Ankapha chambo ndi makoka aakulu ndi kuchitumiza pa malole ku Blantyre, ku minda ya tiyi ya ku Thyolo ndi Mulanje, ngakhalenso ku Southern Rhodesia. Asodzi a kumudzi adadandaula kuti alendowo akutha nsomba, koma nawonso adaona kuti m'madzimo muli ndalama. Amene ankabwera kuchokera ku migodi ankagula makoka ndi kulemba anyamata owakokera. Maukonde a nayiloni atafika, ntchito idapepuka chifukwa sankaola msanga ngati a luzi. Mu 1968 ntchito ya Agiriki aja idatengedwa ndi kampani ya Maldeco, ndipo pofika 1971, pamene kwacha ndi tambala zidalowa m'malo mwa paundi ndi shiling'i, nsomba inali itasanduka mgodi wa boma la Mangochi. Eni makoka adamanga nyumba za malata, kugula njinga ndi kutsegula magolosale.

Koma akuluakulu adati ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada. Kuti munthu amvetse chimene chidachitika, ayenera kudziwa kaberekedwe ka chambo. Chambo chachimuna chimakonza chisa pamchenga, ndipo chachikazi chimasunga mazira ndi ana m'kamwa mpaka atakhwima. Anawo, amene amatchedwa kasawala, amakulira m'madzi osaya momwe muli zomera. Khoka likakokedwa nthawi yoswana limaphwanya zisa, limazula zomera, ndipo limapha mayi pamodzi ndi ana ali m'kamwa. Pa nyanja ya Malombe asodzi adachulukitsa makoka a maso aang'ono ophera kambuzi, monga nkacha, amene sankasiya ngakhale kasawala. Mu 1982 chambo chophedwa pa Malombe chidapitirira matani 8,000, koma patangopita zaka khumi sichidafikenso ngakhale matani 1,000. Nsomba imene inali ndiwo ya aliyense idasanduka chakudya cha m'mahotela ndi cha anthu opeza bwino.

Boma lidazindikira kuti alonda ake okha sangathe kulondera madooko onse. Motero mu 1993 lidayamba kugwira ntchito ndi asodzi eni ake a pa Malombe kudzera m'makomiti a m'madooko, ndipo mu 1997 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo latsopano la usodzi lovomereza anthu a m'midzi kutengapo mbali posamala nsomba. Nyanja imatsekedwa miyezi ina kuti chambo chiswane, ndipo makoka a maso aang'ono ndi oletsedwa. Komabe lamulo limalimbana ndi njala. Mnyamata wokoka khoka amalandira zake tsiku lomwelo, ndipo nyanja ikatsekedwa poto wake amakhala mbee. N'chifukwa chake ena amaphabe mozemba, ena mpaka kusandutsa maukonde otetezera udzudzu kukhala ophera nsomba.

Anthu afunafuna njira zina. Kampani ya Maldeco idayamba kuweta chambo m'zikwere za m'madzi m'zaka za m'ma 2000. Malo a Cape Maclear ndi zilumba zake adasanduka nkhalango yotetezedwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO lidawaika m'gulu la malo ofunika pa dziko lonse, kotero kuti alendo amalipira kuti angoona nsomba za mbuna zili zamoyo. Anyamata ambiri atsata mapazi a agogo awo kupita ku Joni, ngakhale kuti mu 2008 ndi mu 2015 ambiri adabwerako chimanjamanja pothawa ziwawa zochitira alendo.

Mnyanga udalemeretsa mafumu ochepa mpaka njovu zidasowa. Ukapolo udadzaza nyumba zina ndi nsalu pamene midzi yambiri inkasanduka mabwinja. Chambo chili ndi mwayi umene minyanga idalibe, pakuti chikapatsidwa mpata chimaswana chaka ndi chaka. Makolo adati sunga khosi, mkanda woyera udzavala. Kwa anthu a ku Mangochi khosi limenelo ndi nyanja, ndipo ana amene ali pasukulu lero ndiwo adzaone ngati lidasungidwa.