Ana a ku Mozambique Amene Anakulira Pakati Pathu

Lero ndikufuna tibwerere m'mbuyo pang'ono, tikambe mbiri. Achinyamata ambiri amene mukundimvera munabadwa nkhondo ya ku Mozambique itatha kale, ndiye mukamva mawu akuti "othawa kwawo" maganizo anu amathamangira ku Dzaleka, ku Dowa. Komatu Dzaleka inayamba kulandira othawa kwawo mu 1994. Nthawi imeneyo isanafike, dziko lino linasunga anthu oposa 1 miliyoni ochokera ku Mozambique, pamene ife eni mudzi kalembera wa 1987 anatipeza tili pafupifupi 8 miliyoni. Mwamva chiwerengerocho? Ndipo ambiri mwa anthu amenewa anali amayi ndi ana.

Zinayamba chonchi. Mozambique inalandira ufulu kuchoka kwa Apwitikizi pa 25 June 1975, chipani cha Frelimo n'kuyamba kulamulira, mtsogoleri wake ali Samora Machel. Mtendere sunakhalitse. Boma la azungu la Ian Smith ku Rhodesia linathandiza kuyambitsa gulu la Renamo, ndipo Zimbabwe italandira ufulu mu 1980, boma la tsankho la ku South Africa ndilo linapitiriza kulipatsa zida. Anthu akumudzi ankangowatchula kuti Matsanga, potengera dzina la mtsogoleri wawo woyamba, André Matsangaissa. Za ndale ndisiyira pomwepo. Chimene ndikufuna muone ndi munthu wamba amene anali pakati: usiku abwera awa kudzalanda chakudya ndi kutenga anyamata oti akasenze katundu, kukacha abwera awo kudzafunsa chifukwa chimene wadyetsera adani. Sukulu zinatenthedwa, zipatala zinatenthedwa, minda inasanduka tchire.

Chaka cha 1986, chomwe Samora Machel anafa pa ngozi ya ndege ku Mbuzini pa 19 October, nkhondo inakula kwambiri m'zigawo za Tete ndi Zambezia. Matauni a m'malire monga Milange ndi Mutarara anagwa m'manja mwa Renamo, ndipo anthu anakhamukira kuno. Ku Mulanje ankalowera cha ku Muloza. Ku Nsanje ena ankabwera wapansi cha ku Marka, ena ankawoloka Shire pa mabwato. Ku Dedza ndi ku Ntcheu, inu amene mumayenda pa msewu wa Lilongwe kupita ku Blantyre mukudziwa kuti malo ena msewu womwewo ndiwo malire: mbali ino Malawi, tsidya linalo Mozambique. Munthu ankayenda masiku angapo m'tchire, usiku wokhawokha, kuti angodumpha phula lija basi. Ena ankafika atavala masaka, ena makungwa a mitengo. Mayi ankayenda bere lili m'kamwa mwa khanda, osati chifukwa muli mkaka ayi, koma kuti mwana asalire, chifukwa kulira kwa mwana mmodzi kukanaphetsa gulu lonse.

Tsono pano mvetsetsani. Amene anayamba kuwalandira sanali mabungwe a magalimoto oyera aja. Mabungwewo anabwera, ndipo anagwira ntchito yaikulu: UNHCR, World Food Programme, Red Cross ndi ena. Koma poyambirira penipeni anali mafumu ndi amayi akumudzi. Paja malire amenewa anajambula ndi azungu, sanafunse kuti mfunda wa munthu ndani. Angoni a ku Angonia ndi Angoni a ku Ntcheu ndi mtundu umodzi. Asena a ku Mutarara ndi Asena a ku Nsanje amalankhula chinenero chimodzi, amakwatirana, amaikana maliro. Ndiye mlendo akafika, mfumu inkangoloza ndi ndodo kuti mangani apo. Ku Dedza ndi ku Ntcheu ambiri anakhala m'midzi momwemo, osakanikirana ndi eni ake. Ku Nsanje anthu anachuluka mpaka alendo kuposa eni boma, n'chifukwa chake kunatsegulidwa makampu akuluakulu monga Mankhokwe ndi Nyamithuthu.

Ine nthawi imeneyo ndinali mnyamata, kwathu m'dera la Ntcheu. Kuseri kwa nkhokwe ya agogo anga kunamangidwa kachisakasa, ndipo munkakhala mayi wina ndi ana ake atatu. Mwamuna wake anatengedwa ndi anthu a mfuti, osabwereranso. Usiku uliwonse tikatha kudya tinkamumva akufunsa mwana wake wamkulu, kamtsikana ka zaka ngati 7. "Iwe, mudzi wathu ndi uti? Amfumu athu ndani? Atate ako dzina lawo ndani? Nanga amalume ako amakhala kuti? Mtsinje timatunga madzi uja ndi chiyani?" Mwana akaphonya, ankayambiranso. Tsiku lina agogo anatopa nazo, n'kumufunsa kuti, "Kodi mayi, mwanayu mukumuvutitsiranji usiku uno? Msiyeni agone." Iye anayankha kuti, "Agogo, ine ndikhoza kufa mawa. Akadzatsala yekha, chimene chidzamubwezere kwawo ndi chimene chili m'mutu mwakemo."

Abale anga, mayi ameneyu sanapite kusukulu, koma ankadziwa chimene akatswiri a mabungwe anadzachipeza pambuyo pake. Nkhondo imeneyi inalekanitsa ana ambirimbiri ndi makolo awo. Pothawa, wina ankalowera kum'mawa, wina kumadzulo. Kuyambira cha m'ma 1988, bungwe la Save the Children pamodzi ndi boma la Mozambique anayamba ntchito yofufuza abale a ana otere. Ankamujambula mwana chithunzi, n'kulemba chilichonse chimene akukumbukira: dzina lake, la makolo, la mudzi, la mfumu. Zithunzizo ankazisindikiza pa mapepala akuluakulu n'kuzionetsa kumene kuli anthu ochokera m'dera lomwelo. Anthu ankaunjikana, kuyang'ana nkhope imodzi imodzi. Mwadzidzidzi wina n'kukuwa kuti, "Uyu ndi mwana wa achemwali anga!" Mwana amene ankadziwa mayina sankachedwa kupezeka. Amene anasochera ali wamng'ono kwambiri, wosadziwa ngakhale dzina la mayi ake kupatula kuti "amayi", ameneyo ndiye ankavuta.

Ine ndimati kulimba mtima kwa anthu amenewa kunali pamenepo. Sikunali kwa phokoso ayi. Kunali kukana kuti mwana aiwale kuti ali ndi kwawo.

Taonaninso za sukulu. M'makampu munali aphunzitsi amene nawonso anathawa, ena atangopulumuka pamene sukulu zawo zinkatenthedwa. Anasonkhanitsa ana pansi pa mitengo, kenako m'zisakasa za udzu, ana n'kumalemba pa mchenga ndi chala. Ndipo ankaphunzitsa m'Chipwitikizi, motsata maphunziro a ku Mozambique. Ganizirani bwino. Mwana ali ku Nsanje, kwawo kukuyaka moto, palibe amene akudziwa tsiku lomwe nkhondo idzathe, koma mphunzitsi akumukonzekeretsa mayeso a dziko limene mwina mwanayo sanalionepo. Munthu wopanda chiyembekezo sangachite zimenezo.

Koma ndisakunamizeni ngati moyo unali wofewa. Chakudya chinkabwera pa khadi: ufa kapena chimanga, nyemba kapena nandolo, mtedza, mafuta ophikira, shuga ndi mchere pang'ono. Mu 1990 mtedza unasowa kwa miyezi ingapo, ndipo anthu oposa 18,000 anadwala matenda otchedwa pelagra. Matendawa amagwira munthu amene akudya nsima ya chimanga yokhayokha popanda ndiwo zokwanira, chifukwa thupi limasowa vitamini wina amene amapezeka mu mtedza, nyama ndi nsomba. Khungu limada ndi kusweka pamene pakuwomba dzuwa, m'khosi ndi m'manja, munthu amatsegula m'mimba, mapeto ake mutu umasokonezeka. Madokotala atawerenga anapeza kuti amayi ndiwo anadwala kwambiri kuposa abambo. Inu amayi amene mukundimvera, simukudabwa, eti? Mukudziwa amene amadya pomaliza ndiwo zikachepa. Anapezanso kuti mabanja amene anali ndi kadimba ka masamba kapena tinkhuku tingapo, komanso amene ankakhala m'midzi pakati pa eni ake, sanadwale kwambiri ngati a m'makampu. Chaka chomwecho kolera anavutanso ku Nyamithuthu.

Nafenso eni mudzi sitinali angelo. Nkhuni zinayamba kusowa, mapiri anayera mbee, ndipo pa mjigo pankabuka mikangano. Ena ankalemba alendowa ganyu n'kuwalipira mbale ya ufa pa ntchito ya tsiku lonse. Chilala cha 1992 chitafika, panali kudandaula kuti mlendo akulandira ufa pamene mwini mudzi akugona ndi njala. Zimenezo zinachitika. Komabe kwa zaka zonsezo malire sanatsekedwe, ndipo m'midzi yambiri mlendo ndi mwini mudzi ankagawana zomwe zilipo: uyu apereka ufa wa pa khadi, uyo apereka masamba a m'dimba.

Matchalitchi nawo anamera m'makampu ngati bowa, a mipingo yosiyanasiyana, a mitengo ndi udzu. Ana amasiye ambiri sanalowe m'nyumba za ana amasiye ayi. Mayi wina amene ali kale ndi ana ake asanu ankangoti, "Bwera kuno mwanawe, uzigona ndi anzakowa." Ndipo ana amene anaona zoopsa, amene ankadzidzimuka usiku n'kumakuwa, ambiri anayamba kubwerera m'chimake pamene anayamba kuimba m'kwaya, kumenya mpira wa mapepala, kuweta mbuzi ndi anzawo. Mayi Graça Machel, amene kale anali nduna ya maphunziro ku Mozambique, anadzapereka lipoti ku United Nations mu 1996 lonena za ana m'nthawi ya nkhondo, ndipo mfundo imodzi imene anaikapo mtima ndi yomweyi: sukulu ndi banja si zinthu zodikira kuti nkhondo ithe.

Pa 4 October 1992, mu mzinda wa Rome, Pulezidenti Joaquim Chissano ndi mtsogoleri wa Renamo Afonso Dhlakama anasaina pangano la mtendere, atayanjanitsidwa ndi gulu la Akhristu la Sant'Egidio pamodzi ndi ena. Nkhondo inali itatenga miyoyo pafupifupi 1 miliyoni. Anthu sanadikire malole a mabungwe. Bambo kapena mnyamata wamkulu ankatsogola kukaona ngati kuli bata, n'kulima kamunda, kumanga kanyumba, kenako n'kubwerera kudzatenga banja. Ambiri anayenda wapansi, zitseko ndi mapoto zili pamutu. Njira zinali ndi mabomba okwirira pansi, ndipo ntchito yowachotsa inatenga zaka zambiri, mpaka mu 2015 pamene boma la Mozambique linalengeza kuti yatha. Pofika 1995, anthu pafupifupi 1.7 miliyoni anali atabwerera kuchokera m'maiko onse oyandikana nawo. Pakati pawo panali ana obadwira kuno, olankhula Chichewa cha ku Ntcheu, amene ankapita ku mudzi umene ankaudziwa dzina lokha. Mayi uja wa kuseri kwa nkhokwe anatsanzika agogo m'chaka cha 1993, chimanga chitacha, ana ake onse atatu ali moyo, wamkulu uja ali patsogolo ndi mtolo wa mbewu.

Ena sanabwerere. Anakwatira kuno, anakwatiwa kuno, ndipo lero ena mwa inu amene mwakhala pafupi ndi wailesiyo ndinu ana awo. Kampu ya Luwani ku Neno inatsekedwa mu 2007. Koma mu 2015 ndi 2016 mfuti zinaliranso m'chigawo cha Tete, anthu masauzande n'kuwolokera pa mudzi wa Kapise ku Mwanza, ndipo boma linatsegulanso Luwani kuti awasamutsireko. Ena mwa amayi amene anafika pa Kapise ana ali kumbuyo anali aja anafika kuno koyamba iwo eni ali kumbuyo kwa amayi awo.