Kasankhidwe ka zokutira khoma lotsetserekapo madzi pa dziwe losambiramo

Maiwe osambiramo omwe madzi ake amasefukira mbali imodzi ndi kutsetserekera m'ngalande ya m'munsi akhala akutchuka m'mahotela a maiko ambiri. Munthu akakhala m'dziwe lotere amaona ngati madziwo alumikizana ndi nyanja kapena thambo. Mmodzi mwa akatswiri oyamba kumanga dziwe la mtunduwu ndi John Lautner wa ku America, pa nyumba yotchedwa Silvertop mumzinda wa Los Angeles. Lodziwika kwambiri lero ndi la hotela ya Marina Bay Sands ku Singapore, yomwe inatsegulidwa m'chaka cha 2010. Dziweli lili pa nsanjika ya 57, n'lotalika pafupifupi mamita 150, ndipo thunthu lake ndi la chitsulo chosachita dzimbiri.

Maiwe ambiri otere amamangidwa ndi konkire, ndipo gawo lomwe limayamba kuonongeka ndi khoma lotsetserekapo madzi lija. Izi zili choncho chifukwa chakuti khomali silikhala lomira nthawi zonse ngati makoma a m'kati. Pampu ikamagwira ntchito limanyowa ndi kuzizira. Ikazimitsidwa, kapena magetsi akathima, limauma ndi kutenthedwa ndi dzuwa. Kufutukuka ndi kukhwinyata kumeneku, tsiku ndi tsiku, ndiko kumabala ming'alu. M'madera otentha monga Mangochi ndi Salima, makamaka mwezi wa October, vutoli limakula.

Pachifukwachi pulasitala wa simenti yoyera, yemwe ndi wotsika mtengo ndipo amakhalitsa m'kati mwa dziwe, sayenera pa khomali. Pulasitalayu anapangidwa kuti azikhala m'madzi, choncho akauma amang'aluka ndi kuyamba kusuwuka. Penti nayenso sachedwa kukanganuka. Pulasitala wosakaniza ndi timiyala ndi wolimbirapo, koma mwa timiyalamo mumamera ndere ndipo kutsuka kwake n'kovuta.

Miyala yachilengedwe imakopa maso, koma si yonse yoyenera. Miyala ya laimu, marble ndi travertine imasungunuka pang'onopang'ono ikakumana ndi asidi, pomwe asidi ndi yemwe amathiridwa m'dziwe pofuna kukonza madzi. Imamwanso madzi, ndipo pamene madziwo ndi amchere, mcherewo umauma m'kati mwa mwala ndi kuufumbutsa. Mwala wa granite ndi wothina ndipo umapirira bwino, ngakhale kuti ndi wolemera ndipo umafuna mmisiri wodziwa kuumata.

Zomwe zaonetsa kulimba kwambiri ndi matailosi a porcelain ndi timatailosi ting'onoting'ono ta galasi. Malinga ndi muyezo wa ISO 13006, tailosi ya porcelain siyenera kumwa madzi opitirira theka la gawo limodzi pa magawo 100 alionse a kulemera kwake. Apa ndi pomwe ogula ambiri amapusitsidwa, chifukwa matailosi wamba a m'bafa amaoneka chimodzimodzi pamaso koma amamwa madzi ochuluka. Wovomereza katundu ayenera kuona chikalata cha fakitale, osati kukhulupirira maonekedwe. Timatailosi ta galasi sitimwa madzi n'komwe, koma ta galasi ikuluikulu timatha kusweka ngati madzi ozizira atsetserekera pa khoma lomwe latentha tsiku lonse. Ting'onoting'ono ndi tomwe timapirira.

Mtundu wa tailosi nawo uli ndi kanthu. Matailosi akuda amachititsa madzi kuoneka ngati kalilole, n'chifukwa chake ambiri amawakonda, koma amatentha msanga ndipo amaonetsa poyera zoyera zija zomwe zimamera pa khoma. Zoyerazi zimachokera mbali ziwiri. Zina ndi laimu wa m'madzi eniakewo, yemwe amatsalira madzi akauma, ndipo amachuluka pamene dziwe likudzazidwa ndi madzi a pa mjigo okhala ndi laimu wambiri. Zina zimachokera m'konkire: madzi akalowa m'khoma amasungunula laimu wa m'simenti ndi kutuluka naye kunja. Zoyamba zija zimachepa ngati madzi akusamalidwa, pH yake ili pakati pa 7.2 ndi 7.8. Zachiwirizi zimasonyeza kuti ntchito inalakwika pomanga, ndipo kuzitsuka sikuthandiza chifukwa zimabwereranso.

Choncho tailosi yabwino payokha siikwanira. Konkire iyenera kupatsidwa masiku 28 kuti ikhwime, kenako khoma lipakidwe mankhwala otchinga madzi mbali zonse ziwiri pamodzi ndi pamwamba pake. Amisiri ena amapaka m'kati mokha poganiza kuti kunja sikukhala madzi, chonsecho kunjako ndi komwe madzi amayenda tsiku lonse. Zomatira ziyenera kukhala zopangidwira malo omira m'madzi, ndipo zikute pafupifupi msana wonse wa tailosi. Muyezo wa ku America umafuna magawo 95 pa 100 alionse. Mphako iliyonse yotsala kumbuyo imasunga madzi omwe pambuyo pake amakankha tailosiyo. M'mipata ya pakati pa matailosi, epoxy imakhalitsa kuposa simenti, ngakhale ndi yokwera mtengo. Pamafunikanso mipata ina yothiramo zinthu zofewa kuti khoma lizitha kufutukuka popanda kuswa matailosi.

Mlomo wa khomali uyenera kukhala wolingana kuchokera uku kufika uko. Kusiyana kwa mamilimita ochepa chabe kumachititsa madzi kusefukira mbali imodzi, kwina n'kumauma, ndipo mwini dziwe amakakamizika kuyendetsa pampu mwamphamvu, zomwe zimakweza bilu ya magetsi.

Pamene dziwe lotere likumangidwa ndi ndalama za boma kapena za kampani za boma, zonsezi ziyenera kulembedwa m'chikalata choitanira makontirakitala: mtundu wa tailosi, muyezo wake, mankhwala otchinga madzi ndi zomatira. Dziwelo lidzazidwe madzi ndi kuyesedwa ngati likudontha matailosi asanamatidwe, chifukwa akamatidwa, kukonza kwake kumafuna kugumula zonse.