Alomwe a m'Minda ya Tiyi ndi Amene Anaŵayankhulira

Pakati pa anthu a kwa Nsabwe, kumwera kwa boma la Thyolo, alipo ambiri amene makolo awo anachita kuoloka mtsinje wa Ruo kuchokera ku Mozambique. Kuyambira m'zaka za m'ma 1890, Alomwe anali kuthaŵa msonkho, ntchito yokakamiza ndiponso nkhanza za Apwitikizi. Pofika kuno anapeza malo ambiri achonde ali kale m'manja mwa Azungu.

Gwero la mavuto awo linali m'zikalata za malo zimene Harry Johnston anayamba kupereka kwa Azunguwo m'chaka cha 1892. Zambiri mwa zikalatazo zinali ndi mawu akuti midzi ndi minda yopezeka kale pamalopo isasokonezedwe popanda chilolezo cha boma. Mawu ameneŵa anali kuteteza eni nthaka, monga Amang'anja, koma wobwera pambuyo pake sanali kuŵerengedwamo. Mlomwe amaloledwa kumanga nyumba ndi kulima pokhapokha atavomera thangata, ndiye kuti kugwirira ntchito mwini malo m'malo mwa lendi. Wokana, kapena wongodana ndi kapitawo, amauzidwa kuti asamuke. Nanga akanaloŵera kuti, poti kwawo n'kumene anathaŵako?

M'chaka cha 1903 mkulu wa boma woyang'anira za Aafirika anasumira kampani ya Blantyre and East Africa chifukwa cha pangano limene inachita ndi mafumu. Woweruza, Joseph Nunan, anapeza kuti panganolo linalanda anthu ufulu wawo pamalo osaŵapatsa kanthu kooneka, ndipo analithetsa. Chinali chigamulo cholimba mtima, komabe chinatsamira pa mawu aja oteteza okhalapo kale, kotero kuti obwera sanapindule nacho kwenikweni. Ngakhale lamulo la 1928 lokhudza anthu okhala m'minda ya Azungu linangoika malire: zaka zisanu zilizonse mwini malo amatha kuchotsa banja limodzi mwa mabanja khumi, boma n'kumaŵafunira kokhala.

Tisaiŵale kuti nthaŵi yonseyi munalibe loya wachikuda m'dziko muno. Woyamba, Orton Chirwa, anatsiriza maphunziro ake a zamalamulo mu 1958. Munthu wothamangitsidwa amakadandaula yekha kwa bwanamkubwa wa boma kudzera mwa womasulira, pamene mwini munda anali Mzungu mnzake wa bwanayo.

Pamenepa mpamene dzina la Lewis Bandawe limaonekera. Iyeyu anabadwira ku Mozambique, naphunzira ku Mishoni ya Blantyre, ndipo anathandiza kumasulira Chipangano Chatsopano m'Chilomwe. Pambuyo pake anakhala womasulira m'Bwalo Lalikulu la Milandu ku Blantyre, kumene anaona m'mene mawu olembedwa amamangira kapena kumasulira munthu. Mu 1943 anayambitsa bungwe loimira Alomwe, limene linaumiriza boma kuti lileke kuŵatchula kuti "Anguru", dzina lonyoza lija. Boma linavomera. Wina angayese kuti nkhani ya dzina njochepa, koma anthu otchulidwa monyoza m'makalata a boma amaŵerengedwa ngati alendo ongodutsa, ndipo mlendo savuta kumuthamangitsa. Bandawe anafuna kuti Alomwe adziŵike ngati mtundu wokhazikika m'dziko muno.

Mu 1946 boma linaitana katswiri wa malamulo, Sir Sidney Abrahams, kudzafufuza nkhani ya malo. Iye analangiza kuti boma ligule malo amene Azungu sanali kuŵagwiritsa ntchito ndi kukhazikapo anthu. Kugulako kunayenda mwapang'onopang'ono, pamene mitima ya anthu inali itatopa. Mu Ogasiti 1953 mkangano wa malalanje pa munda wa Mangunda, kufupi ndi Luchenza, unabutsa zipoloŵe zimene zinafalikira m'Thyolo ndi m'maboma ena a kumwera. Anthu khumi ndi mmodzi anaphedwa.

Thangata linathetsedwa ndi lamulo la 1962, nduna za chipani cha Malawi Congress zitaloŵa kale m'boma, ndipo patapita zaka ziŵiri dziko linalandira ufulu. Ana a obwera aja anakhala nzika, osatinso alendi a munthu. Koma minda ya tiyi inatsala m'malire ake akale, ndipo mabanja ambiri anakhazikika m'mphepete mwake, m'zitunda zotsetsereka zoyang'ana ku Ruo.