Sega kapena Nintendo: Mkangano Umene Unafika ku Kwacha Utavala Malaya Obwereka

Ku Kitwe kusankha mbali timabadwa nako. Mwana akangoyamba kuzindikira amafunsidwa ngati ndi wa Nkana kapena wa Power Dynamos, ndipo yankho lake amakalamba nalo. Koma ife amene tinakulira ku Kwacha m'zaka za m'ma 1990 tinali ndi funso lachiwiri: ndiwe wa Sega kapena wa Nintendo? Mpaka lero likabuka pometa tsitsi, azibambo a zaka 40 amakweza mawu ngati akulimbirana munda. Chimene sitikonda kuvomera n'chakuti ambiri a ife tinkakangana pa makina amene sitinawagwirepo n'komwe. Tiyambe ndi nkhondo ya eni ake, kenako tibwerere kwathu.

Nintendo ndiye anali mkulu pabwalo. Makina ake a Famicom, amene anatuluka ku Japan mu 1983 ndipo kunja ankatchedwa NES, anali atalowa m'nyumba zambirimbiri. Sega anaona kuti polimbana ndi njovu ndi bwino kulawirira. Mu Okutobala 1988 anatulutsa Mega Drive ku Japan, mu 1989 anaipititsa ku America ndi dzina lakuti Genesis, ndipo ku Ulaya inafika mu 1990. Nintendo sanathamange. Super Famicom inatuluka mu Novembala 1990, ku America inafika mu 1991 monga Super Nintendo, ku Ulaya mu 1992.

M'kati mwake makina awiriwa anali ngati osewera mpira a maluso osiyana. Mega Drive inali ndi liwiro: purosesa yake ya Motorola 68000 inkathamanga pa 7.6 MHz, pamene ya Super Nintendo inkafika pa 3.58 MHz chabe. Koma Super Nintendo inali ndi maonekedwe. Inkatha kuonetsa mitundu 256 nthawi imodzi kuchokera pa 32,768, pamene mnzakeyo ankalekezera pa 60 ndi pang'ono kuchokera pa 512. Inkathanso kuzunguliza ndi kupendeketsa chithunzi, n'chifukwa chake msewu wa mu Super Mario Kart unkaoneka ngati ukubwera kumaso kwako. Ngakhale m'manja zinali zosiyana. Padi yoyamba ya Sega inali ndi mabatani atatu omenyera, ya Nintendo sikisi. Street Fighter II itafika pa Super Nintendo mu 1992, mabatani sikisiwo anakwanira ndendende nkhonya ndi mateche onse, ndipo Sega anachita kutulutsa padi yatsopano mu 1993.

Sega anapambana pa kutsatsa malonda. Tom Kalinske, amene ankatsogolera kampaniyo ku America, anatsitsa mtengo kuchoka pa madola 189 kufika pa 149 mu 1991, n'kuika Sonic the Hedgehog m'bokosi momwemo. Uthenga unali womveka: Mario ndi wa ana, Sonic ndi wa anyamata amene ayamba kumera ndevu. Nkhaniyi inafika pachimake mu 1993 ndi Mortal Kombat. Nintendo anachotsa magazi n'kuika thukuta lotuwa. Sega anawabisa chabe, ndipo aliyense wodziwa kutobwanya A, B, A, C, A, B, B ankawabweza. Ogula anathamangira ku Sega, makolo anadandaula, ndipo mu Disembala chaka chomwecho akuluakulu a makampani onse awiri anakaonekera pamaso pa maseneta a ku America. Bungwe la ESRB, limene limalemba msinkhu woyenera pa bokosi la gemu, linabadwa mu 1994 chifukwa cha phokoso limenelo.

Nanga anawina ndani? Tikawerenga makina ogulitsidwa, ndi Nintendo: pafupifupi 49 miliyoni, pamene Mega Drive inapitirira pang'ono 30 miliyoni. Koma amene anadya nyama ndi wina. Kachipangizo ka mawu ka mu Super Nintendo kanapangidwa ndi Ken Kutaragi wa ku Sony. Mgwirizano wa Sony ndi Nintendo utasokonekera, munthu yemweyo anatsogolera ntchito ya PlayStation, imene inatuluka mu 1994. Pofika 2001 Sega anali atasiyiratu kupanga makina.

Manje tibwere kunyumba. Zaka zimene Sega ndi Nintendo ankatukwanizana pa TV za ku America ndi zomwezo zimene ku Copperbelt zinthu zinkathina. Boma litasintha mu 1991, malire a malonda anatseguka ndipo katundu wakunja anadzaza pa Chisokone, koma ndalama inkatha mphamvu mwezi ndi mwezi. ZCCM, imene inkadyetsa tauni yonse, inkachepetsa antchito mpaka migodi ya Nkana inagulitsidwa mu 2000. Bambo amene sakudziwa ngati mwezi wamawa adzakhala pa ntchito sangagule makina a madola 149. Mega Drive yeniyeni inkapezeka mwa apo ndi apo, kawirikawiri m'nyumba imene munali wachibale woyenda ku Johannesburg kapena ku UK. Super Nintendo inali yosowa kuposa pamenepo.

Chimene chinalowa m'nyumba zathu chinali china. Mafakitale a ku Taiwan ndi ku China ankakopera Famicom yakale ya 1983 n'kuiveka chikopa chatsopano, ndipo nthawi zambiri chikopacho chinali chakuda, chofanana ndi Mega Drive. Kunja Sega, m'kati Nintendo wachikale. Katiriji yachikasu inkalonjeza magemu 9,999,999, koma ukatsika pamndandanda unkapeza omwewo akubwerezedwa: Super Mario Bros., Contra, akasinja a Battle City, ndi abakha a Duck Hunt amene tinkawombera titagunditsa mfuti pagalasi. Choncho mwana wa ku Kwacha ankatha kulumbira kuti ndi wa Sega uku akusewera Mario tsiku lonse. Okoperawo sankasamala za udani wa eni ake. Mu 1994 ku Taiwan kunatuluka gemu yotchedwa Somari, momwe Mario amathamanga m'dziko la Sonic, zaka 13 makampani awiriwo asanagwirizane kuika awiriwa m'gemu imodzi mu 2007.

Ngakhale amene anali ndi Mega Drive yeniyeni sanaone zimene mwana wa ku America ankaona. TV za kuno zinkayendera PAL, imene imasintha chithunzi ka 50 pa sekondi m'malo mwa ka 60. Magemu ambiri sankakonzedwa kuti agwirizane nazo, motero Sonic, amene mbiri yake yonse inali liwiro, kuno ankathamanga mochedwerapo ndi gawo limodzi mwa magawo sikisi. Ifenso tinkamutama kuti palibe womupeza.

Malamulo a kasewero tinapanga tokha. Padi zinali ziwiri, ana khumi, choncho woluza ankapereka kwa wotsatira. Mwini makina ankaluza mochedwa, pa zifukwa zimene tonse tinkazidziwa. Katiriji ikakana tinkaiuzira mpweya. Adaputa ikatentha tinkapuma. Amayi akanena kuti gemu iwononga TV, kapena nthawi ya nyuzi pa ZNBC ikakwana, mpikisano unkathera pomwepo, olo wina atatsala pang'ono kupulumutsa mwana wa mfumu. Panja tinkakangana m'Chibemba, m'nyumba n'kumachonderera m'Chinyanja kuti atipatseko mphindi zisanu.

Inu achinyamata a lero mungapeze pa foni mbiri yonse ya Sega ndi Nintendo, ndi manambala ake omwe. Simudzapezamo makina opanda dzina amene anaphunzitsa komboni yonse kugwira padi, chifukwa palibe anawerenga kuti anagulitsidwa angati pa Chisokone. Mbiri imeneyo ili m'mitu ya azikulu anu ndi amalume anu chabe. Akadzayambanso kukangana za Sega ndi Nintendo, afunseni kuti katiriji yawo inali ya mtundu wanji. Akati yachikasu, mwadziwa kale makina amene anali nawo.