Usiku Umene Anthu 55,600 Adaona Oimba Awo Koma Osaŵamva

Madzulo a Lamulungu, pa 15 Ogasiti 1965, anthu 55,600 adasonkhana m'bwalo la maseŵero la Shea Stadium mumzinda wa New York, ku America. Sadapite kukaonera maseŵero a baseball amene bwalolo lidamangidwira ai. Adapita kukaona anyamata anayi a ku Liverpool, ku Mangalande, otchedwa The Beatles, ndiwo John Lennon, Paul McCartney, George Harrison ndi Ringo Starr. Ambiri mwa anthuwo adali atsikana ndi anyamata osakwanitsa zaka makumi aŵiri, ndipo kwa ochuluka a iwo aka kadali koyamba kuŵaona oimbawo maso ndi maso. Kufikira tsikulo ankangoŵadziŵira pa wailesi, pa mbale za galamafoni, ndi pa zithunzi zimene adamata pa makoma a zipinda zawo.

Kuti timvetse chimene chidasonkhanitsa namtindi wotere, tiyenera kubwerera m'mbuyo pang'ono. Pakati pa 1961 ndi 1963 anyamataŵa adaimba pafupifupi maulendo 300 m'chipinda chapansi chotchedwa Cavern Club kwawo ku Liverpool. M'chipindamo woonera ankatha kutambasula dzanja n'kukhudza gitala ya woimba, ndipo mawu onse a nyimbo ankamveka. Mbale yawo yoyamba, Love Me Do, idatuluka mu Okutobala 1962. Pa 9 Febuluwale 1964 adaonekera pa wailesi yakanema ya ku America m'pulogalamu ya Ed Sullivan, ndipo anthu pafupifupi 73 miliyoni adaŵaonera. Kuyambira usiku umenewo, nyumba zoimbiramo zidayamba kuŵachepera.

Munthu amene adaona msanga za kuchepa kumeneku adali Sid Bernstein, mkulu wokonza madansi ndi zoimbaimba ku New York. Iyeyu ndi yemwe adaŵaitana kudzaimba ku Carnegie Hall pa 12 Febuluwale 1964, nyumba yolemekezeka koma yosakwanira ngakhale anthu 3,000. Poona unyinji wa amene adabwerera pakhomo, adapangana ndi Brian Epstein, woyang'anira gululo, kuti chaka chotsatira adzayese bwalo la maseŵero. Chidali chinthu chofuna mtima, pakuti padalibe gulu la nyimbo za rock limene lidadzazapo bwalo lalikulu chotero. Koma matikiti onse adatha tsiku lisadafike.

Tsikulo litakwana, kuŵafikitsa oimbawo pabwalo idali ntchito payokha. Adaŵanyamula pa helikopita kuchokera ku Manhattan kukatera pamalo a chionetsero cha World's Fair ku Queens, pafupi ndi bwalolo. Kuchokera apo adaloŵa m'galimoto lachitsulo la kampani ya Wells Fargo, la mtundu umene umanyamula ndalama za m'mabanki. Apolisi ndi alonda pafupifupi 2,000 adaikidwa kuti atchinge anthu. Oimba ena adayamba kusangalatsa khamulo, monga King Curtis ndi Brenda Holloway, koma mitima ya anthu idali kwina.

Nthaŵi itangopitirira pang'ono 9 koloko ya usiku, Ed Sullivan adaimirira pa nsanja natchula dzina la gululo. Anyamata anayi aja adatulukira, atatu atanyamula magitala awo, nathamanga kudutsa pa kapinga. Pamenepo mfuwu udabuka, ndipo sudaleke mpaka iwo atachoka. Kanema amene adajambulidwa usikuwo amasonyeza atsikana akulira misozi chapweteka, ena atagwira mitu, ena akukwera waya wotchinga, ena atakomoka akunyamulidwa ndi apolisi. Oŵerengeka adadumpha mpanda kuthamangira kunsanja, koma alonda adaŵagwira asadafike.

Tsono apa ndi pamene pagona nkhani. Nsanja idamangidwa pakati pa bwalo, kutali ndi mipando, ndipo pa kapinga padalibe woonera ndi mmodzi yemwe. Amene adakhala m'mipando yapamwamba ankaona oimbawo ngati tizidole. Makina okuzira mawu a magitala, opangidwa ndi kampani ya Vox, adali a mphamvu ya mawati 100 okha, mphamvu yokwanira nyumba ya dansi koma yopereŵera kutali pabwalo lopanda denga. Mawu a oimba ankadutsanso m'zokuzira mawu za bwalolo, zimene ntchito yake idali kulengeza maina a oseŵera mpira. Zonsezi zidamira mumfuwu wa anthu. Munthu amene adasunga ndalama kwa milungu, nayenda ulendo wautali kuti adzamve nyimbo zimene ankazikonda, adangomva kukuwa kwa anzake ndi kwa iye mwini.

Oimbawo nawonso sankadzimva. Usikuwo pa nsanjapo padalibe zokuzira mawu zoyang'ana kwa woimba, zimene masiku ano zimamthandiza kumva mawu ake ndi a anzake. Ringo Starr, amene adakhala kumbuyo ndi ng'oma zake, adafotokoza pambuyo pake kuti ankangoyang'ana kugwedezeka kwa matupi ndi mitu ya anzake kuti adziŵe pamene nyimbo yafika. Adaimba nyimbo khumi ndi ziŵiri kwa mphindi pafupifupi 30, kuyambira ndi Twist and Shout, kutsirizira ndi I'm Down. Pa nyimbo yotsirizayo John Lennon, poona kuti palibe akumva, adayamba kuliza limba ndi zigongono, uku George Harrison akufa nazo nseko. Atatha, adaloŵanso m'galimoto lachitsulo lija, ulendo.

Pa nkhani ya ndalama, usikuwo udali wopambana. Matikiti adabweretsa madola 304,000, ndipo gululo lidalandirapo madola 160,000, ndalama zimene zidali zisadaonekepo pa kuimba kwa usiku umodzi. Koma pa nkhani ya nyimbo zinthu sizidali choncho. Pamene ankakonza kanema wa usikuwo, adapeza kuti mawu ojambulidwa sadali bwino, kotero kuti mu Janyuwale 1966 oimbawo adaloŵa m'nyumba yojambulira ku London kukabwerezanso zigawo zina. Choncho amene adaonera kanemayo pa BBC m'chaka chomwecho adamva bwino kuposa amene adalipira pakhomo.

Akuluakulu adati ng'oma yoliritsa siichedwa kung'ambika. Anyamataŵa adayamba kuona kuti luso lawo likubwerera m'mbuyo, chifukwa woimba wosadzimva sangathe kukonza zolakwa zake. Komanso nyimbo zatsopano zimene ankapeka zidali zofuna zipangizo za m'nyumba yojambulira. Mbale yawo ya Revolver idatuluka mu Ogasiti 1966, koma pa ulendo wawo wa ku America mwezi womwewo sadaimbepo nyimbo ndi imodzi yomwe ya m'mbaleyo. Atabwereranso ku Shea Stadium pa 23 Ogasiti 1966, mipando pafupifupi 11,000 idatsala yopanda anthu. Patangopita masiku asanu ndi limodzi, pa 29 Ogasiti, adaimba ku Candlestick Park mumzinda wa San Francisco, ndipo uko ndiko kudali kutsiriza kuimbira anthu olipira pakhomo. Chikondi cha oŵatsatira, chimene chidaŵakweza, ndicho chidathandizanso kuŵatsitsa pa nsanja. Gululo lidapasuka mu 1970.

Komabe zimene zidachitika usikuwo zidatsegula njira. Okonza zoimbaimba adaona kuti bwalo la maseŵero lingathe kudzaza, ndipo akatswiri a zamagetsi adaona kuti pakufunika makina amphamvu koposa, pamodzi ndi zokuzira mawu zoyang'ana kwa oimba. M'zaka zoŵerengeka zotsatira, zipangizo zotere zidapangidwa. Mu 1973 gulu la Led Zeppelin lidaimbira anthu 56,800 ku Tampa, m'chigawo cha Florida, n'kupitirira chiŵerengero cha ku Shea.

Nanga amene adalipo usiku uja adapindulanji, popeza sadamve kanthu? Nyimbozo adali atazidziŵa kale pamtima, ndipo akadafuna kuzimva bwino akadakhala kunyumba pafupi ndi galamafoni. Chimene adadzera chidali kutsimikiza ndi maso awo kuti mawu aja a m'wailesi ali ndi eniake, anthu a thupi ndi magazi, otuluka thukuta ndi kuseka. Adadzeranso kuona kuti chimene aliyense ankachikonda payekha m'chipinda mwake, anthu ena zikwizikwi ankachikondanso. Pakati pa khamulo padali Linda Eastman, amene adadzakwatiwa ndi Paul McCartney mu 1969, ndiponso Barbara Bach, amene adadzakwatiwa ndi Ringo Starr mu 1981. Usikuwo iwonso adali oonera wamba, okhala patali ngati anzawo onse.

Bwalo la Shea Stadium kulibenso. Pa 18 Julayi 2008, pa kuimba kotsiriza m'bwalomo, woimba Billy Joel adaitana Paul McCartney kuti akwere naye pa nsanja. John Lennon adali ataphedwa mu 1980, ndipo George Harrison adali atamwalira mu 2001. McCartney adaimirira m'bwalo lomwe lija patapita zaka pafupifupi 43, ndipo ulendo uno mawu ake adamveka mpaka kumpando wotsiriza. Ntchito yogumula bwalolo idatha mu Febuluwale 2009.