Za Nthenda Zoyenda M'mtundu

Kuyambira kale lomwe anthu anali kuona kuti mwana afanana ndi makolo ake, ndiponso kuti nthenda zina zitsata banja limodzi. Koma njira yake imene zinthuzi ziyendera inali yobisika, ngakhale kwa madotolo a ku Ulaya.

Woyamba kuunikira njirayo sanali dotolo ayi, koma wansembe wa ku Brno, dzina lake Gregor Mendel. Kuyambira m'chaka cha 1856 iye anali kubzala nsawawa m'munda wa ansembe. Atakwatitsa nsawawa zazitali ndi zazifupi, zomera zake zonse zinatuluka zazitali. Koma pobzala mbewu za zimenezi, ufupi uja unabwereranso: pa zomera zinayi zilizonse, chimodzi chinali chachifupi. Pamenepo Mendel anazindikira kuti cholengedwa chilandira timbewu tiwiri ta chibadwa, kena kwa atate kena kwa amayi, ndipo kuti kambewu kena katha kubisala osatayika. Mawu ake anasindikizidwa mu 1866, koma anthu sanawasamale. Iye anamwalira mu 1884, ndipo ntchito yake inakumbukidwa mu 1900.

Tsono pa nthawi imeneyo ku London kunali dotolo wina, Archibald Garrod, amene anali kugwira ntchito m'chipatala cha ana cha Great Ormond Street. Iye anachita chidwi ndi nthenda yosowa yotchedwa alkaptonuria, imene ichititsa mkodzo kuda bii ukakhala pamphepo. Madotolo ena anali kuyesa kuti tizilombo ta m'matumbo ndito tichita zimenezi. Garrod anayang'anira khanda lina lobadwa m'banja la nthendayo, naona matewera ake atada patangopita masiku owerengeka. Anaonanso chinthu china: makolo ambiri a ana otere anali a moyo wabwino, koma anali pachisuweni.

Mnzake William Bateson, wodziwa za Mendel, ndiye anamasulira mwambiwo. Kambewu ka nthendayo nkobisala, monga ufupi wa nsawawa uja. Mwana adwala pokhapokha atalandira tiwiri, ndipo asuweni, pokhala a gogo mmodzi, atha kukhala nako onse awiri. Ukwati wa pachisuweni sulenga nthenda ayi. Ungokomanitsa timbewu timene tinalipo kale. Garrod analemba zimenezi mu 1902, ndipo mu 1908 anaphunzitsa kuti m'thupi la mwana wotere muchepa chinthu china chimene chiyenera kutsiriza kuphwanya zina zochokera m'zakudya. Anzake anamlemekeza, koma ambiri anayesa nkhaniyo yachabe, popeza odwala ake anali owerengeka.

Nthenda imene inaonetsa kukula kwa nzeruzi ndi ya magazi, ya sickle cell, imene isautsa ana ambiri mu Africa. Mu 1910 dotolo James Herrick wa ku Chicago analemba za mnyamata wa ku Grenada amene timaselo tofiira ta magazi ake tinali topindika ngati chikwakwa. Dotolo E. A. Beet, wogwira ntchito ku Northern Rhodesia, imene lero ndi Zambia, anayeza magazi a anthu ku Balovale, ndipo pambuyo pake anatsata mabanja m'midzi. Mu 1949 iye, ndi James Neel wa ku America, yense payekha, anaonetsa kuti wolandira kambewu kamodzi akhala bwino, koma wolandira tiwiri adwala. Motero nthendayo siichokera kwa mayi yekha, ngakhale kawirikawiri ndiye amene anali kunenedwa ana akamafa motsatana. Bambo nayenso apereka gawo lake.

Panatsala funso: nanga bwanji kambewu koopsa kotere kali kochuluka m'maiko otentha? Mu 1954 Anthony Allison, atayeza anthu ku East Africa, anaonetsa kuti mwana wa kambewu kamodzi atetezedwa ku malungo aakulu. Ana otere anali kupulumuka kumene anzawo anali kufa, nakula, napatsira ana awo kambewuko.