Mbiri ya Zilembo Zotsanzira Dzanja la Mlembi

Munthu akalandira khadi lomuitanira ku ukwati kapena setifiketi ya maphunziro, maso ake amayamba kugwera pa zilembo zopendekeka ndi zolumikizana, zooneka ngati zalembedwa ndi dzanja la katswiri. Chikhalirecho zilembozo zimakhala zitatuluka m'makina. Mbiri yake ndi ya mpikisano wa pakati pa dzanja ndi makina, umene watha zaka zoposa 500.

Kale ku Ulaya mabuku onse ankakopedwa pamanja ndi alembi, pogwiritsa ntchito nthenga ya tsekwe ndi inki. Cha m'ma 1455, Johannes Gutenberg atasindikiza Baibulo mu mzinda wa Mainz ku Germany, anaumba zilembo zake zachitsulo motsanzira kalembedwe ka alembiwo. Owerenga anali atazolowera dzanja, choncho makina anayenera kulankhula nawo m'maonekedwe amene iwo ankawadziwa kale.

M'chaka cha 1501, Aldus Manutius wa mu mzinda wa Venice anatulutsa ndakatulo za Virgil m'kabuku kakang'ono koyenda nako m'manja. Zilembo zake, zimene anasema ndi mmisiri Francesco Griffo, zinali zopendekeka ngati kalembedwe ka anthu ophunzira a ku Italy. Mpake kuti kufikira lero zilembo zotere zimatchedwa italic. Mu 1522, Ludovico degli Arrighi, mlembi wa ku likulu la Papa ku Rome, anasindikiza kabuku kotchedwa La Operina, kophunzitsa anthu kulemba mokongola. Apa zinthu zinatembenuka: makina amene ankaoneka ngati adzapha luso la dzanja ndiwo anayamba kulifalitsa. Nako ku France, mu 1557, Robert Granjon anasema zilembo zotsanzira kalembedwe ka Afalansa, ndipo zinagwira ntchito kwambiri m'mabuku ophunzitsa ana ulemu ndi mwambo.

Malonda atakula ku England m'zaka za m'ma 1700, panafunika makalaliki ambiri olemba mwaukhondo ndiponso mofulumira. Aphunzitsi a kalembedwe ankapereka zitsanzo zawo kwa amisiri amene ankazigoba pa mapale amkuwa, n'kuzisindikiza. George Bickham anasonkhanitsa zitsanzo za akatswiri 25 m'buku lotchedwa The Universal Penman, limene linamalizidwa mu 1741. Nthawi imeneyo dzanja labwino linali khasu la mnyamata wofuna ntchito ya muofesi.

Koma amisiri a zilembo zachitsulo anali pa vuto. Chilembo chilichonse chinkakhala pa kachitsulo kakekake, pamene cholembera chimayenda osadukiza kuchoka pa chilembo china kupita pa chinzake. Timichira tolumikizira zilembo tinkathyoka msanga, ndipo mipata inkaonekera pakati pa mawu. N'chifukwa chake makadi apamwamba ankagobedwabe pa mkuwa, ngakhale kuti mtengo wake unali wokwera.

Ku America kunatchuka kalembedwe ka Platt Rogers Spencer, kamene kanalamulira m'masukulu ndi m'maofesi kuyambira cha m'ma 1850. Mu 1886, Frank Robinson, wosunga mabuku a ndalama mu mzinda wa Atlanta, anapereka dzina lakuti Coca-Cola ku chakumwa chimene John Pemberton anapanga, ndipo analemba dzinalo m'kalembedwe ka Spencer. Aliyense wogula botolo la chakumwachi pa golosale ku Malawi kuno amagwira m'manja chizindikiro cha luso la makalaliki a nthawi imeneyo. Komabe taipilaita, imene kampani ya Remington inayamba kugulitsa mu 1874, inalanda pang'onopang'ono ntchito ya dzanja m'maofesi.

Vuto la kulumikiza zilembo linachepa m'zaka za m'ma 1960, pamene osindikiza anayamba kujambula zilembo ndi kuwala m'malo moziumba ndi chitsulo. Matthew Carter anapanga zilembo zotchedwa Snell Roundhand, potengera dzanja la Charles Snell, mphunzitsi wa kalembedwe wa ku England wakale. Kenaka kunabwera kompyuta. Mu 1998, Hermann Zapf wa ku Germany anatulutsa zilembo zotchedwa Zapfino, zochokera ku zimene iye analemba pamanja mu 1944. M'menemo chilembo chimodzi chili ndi maonekedwe angapo, monga momwe dzanja la munthu silibwereza chilembo mofanana ndendende.

Lero zilembo zotere zimapezeka pa makadi a ukwati, masetifiketi, mabotolo a mafuta onunkhira ndi zizindikiro za makampani, chifukwa zimapatsa mawu ulemu ndi chikoka. Koma okonza masamba odziwa ntchito yawo amazigwiritsa ntchito mosamala ngati mchere m'ndiwo. Salemba nazo ndime zazitali, zikwangwani za pamsewu kapena malangizo a mankhwala, pakuti diso limatopa nazo, ndipo wowerenga akhoza kusokera pa nthawi yoopsa. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: chilembo chokongola koma chosawerengeka chataya ntchito imene chinapangidwira.

Chodziwikiratu m'mbiri yonseyi n'chakuti makina sanayambitse okha kukongola kumeneku. Griffo, Carter ndi Zapf onse anatunga pa chitsime cha anthu amene anaphunzira kugwira cholembera moleza mtima. Ophunzira akaleka kusamala dzanja lawo poganiza kuti kompyuta idzawalembera, chitsimecho chidzaphwa, ndipo makina adzasowa choti atsanzire.